Mtsikana wa ku China Amene Ndinamuzoloweza Mawu Anga

Ndinaphunzitsa Chingelezi zaka khumi ndi zinayi pa sekondale yoyendera kwathu ku Ntcheu ndisanatsatire bambo a kunyumba ku Nairobi. Iwo anapeza ntchito ku bungwe la mpingo, ine ndinapeza ntchito yosesa nyumba yanga yomwe ku Donholm ndi kudikira Lamulungu. Lamulungu tinkasonkhana Amalawi tikatuluka m'tchalitchi, ndipo kumeneko ndi kumene ndinadziwira kuti munthu akangolowa ntchito ku bungwe lakunja lilime limamulemera. Amayi amene kwathu tikanaima nawo pa mzere wa kuchigayo ankatulutsa Chichewa movutikira, mawu awiri athu, atatu a eni ake.

Mmodzi wa amayi amenewo ndi amene anandipezera ganyu.

"Amayi, mwangokhala idle mpaka liti?" anatero akuvundula tiyi. "Pali family ina ya Machaina ku Roysambu, akufuna teacher wa English wa mwana wawo. Koma akufuna wotchipa, ndiye ndinaganiza za inu."

Ndinathokoza ndi manja awiri. Mawu akuti wotchipa ndinangowameza pamodzi ndi tiyi.

Banjalo linali ndi sitolo ya mapaipi, matailosi ndi maloko pafupi ndi msewu wa Thika, ndipo linkakhala pamwamba pa sitolo yomweyo. Bambo ake a mwana sindinkawaona, ankangokhala ku malo omanga nyumba. Amayi ake anali afupi, achangu, ndipo Chiswahili chokanganira mitengo ankachitha kuposa ine. Mwanayo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anamuchotsa pa sekondale yake ku China kwa chaka chimodzi chifukwa wachibale amene ankamusunga anadwala. Sukuluyo inanena kuti akafuna kubwerera m'kalasi ya anzake ayenera kukhoza mayeso a pa kompyuta kumapeto kwa chaka, ndipo akalephera phunziro la Chingelezi abwerera kalasi imodzi m'mbuyo. Kwathu munthu amabwereza Sitandade 8 mpaka kumera ndevu, mudzi wonse n'kumangomulimbikitsa kuti chaka cha mawa. Kwa iwo ndinaona kuti kubwereza kalasi amakutenga ngati maliro.

"Mwalimu," anatero amayi ake tsiku loyamba, akusakaniza Chingelezi ndi Chiswahili, chimene mphunzitsi chimamutcha mwalimu, "kuwerenga amatha. Vuto ndi khutu. Mumukonzere khutu."

Sananame. Mtsikanayo anali ndi mabuku atatu onenepa ochokera kwawo, odzaza nkhani zoti munthu awerenge n'kuyankha mafunso. Nkhani zake zinali zoti mwana wa kwathu akanagona nazo tulo: mzungu woweta njuchi padenga, ubwino woyenda wapansi, mzinda wina umene unaletsa mapepala a pulasitiki. Pansi pake mayankho anayi, atatu ofanana ngati mapasa. Iye ankawadutsa mofulumira, pensulo ili m'manja, osalakwa kawirikawiri. Pamenepo ndinalibe chomuphunzitsa, ndinkangogwedeza mutu kuti ndioneke kuti ndilipo.

Zomvetsera ndiye zinandikwiyitsa kuyambira tsiku loyamba. Ankatsegula kompyuta, belu n'kulira, kenako mwamuna ndi mkazi n'kuyamba kulankhula Chingelezi cha m'mphuno. Mwamunayo ankangotulukira n'kufunsa mkazi wa eni ake kuti laibulale atseka nthawi yanji, popanda ngakhale moni. Mkaziyo, m'malo moyankha ngati munthu woleredwa, ankati kale ankatseka faifi, masiku ano amawonjezera theka la ola, koma Lachisanu amatseka folo. Basi, belu n'kuliranso. Funso lili papepala, usankhe yankho, ndipo usanapume anthu ena awiri ayamba kale kukangana za tikiti ya sitima. M'gawo loyamba ankalankhula kamodzi kokha, osabwereza.

Tsiku limenelo mwanayo anakhoza asanu ndi awiri pa mafunso makumi awiri. Ine ndinayesa nawo chamumtima n'kukhoza khumi ndi asanu, ndipo mlandu ndinaupereka kwa masipika.

"Tseka chinthucho," ndinamuuza. "Anthu amenewa alibe mwambo, ndipo sakufuna kuti uwamve."

Kumapeto kwa limodzi la mabuku aja kunali mawu onse a zokambiranazo, olembedwa bwinobwino. Ndinati ndizimuwerengera ndekha, ndi pakamwa panga, monga amachitira mphunzitsi weniweni.

Apa ndifotokoze mmene timaphunzitsira kwathu, chifukwa ndi pamene panagona nkhani. Ukakhala ndi ana odzaza chipinda mpaka pakhomo, buku lili limodzi ndipo lili m'manja mwako, sungalankhule mosalala. Umanena chiganizo, ukafika pafupi ndi mawu ofunika umakweza liwu, n'kuima pakati, kalasi n'kumaliza. "Likulu la dziko lathu ndi Lilo…?" Onse: "…ngwe." Kenako umafunsa kuti tili limodzi, ndipo onse amavomera, ngakhale amene angodzuka kumene. Ukatero umabwerezanso. Umu ndi mmene anandiphunzitsira ine, umu ndi mmene ndinaphunzitsira zaka khumi ndi zinayi, ndipo zinalowa m'magazi moti sindinkadziwa n'komwe kuti ndikuchita.

Choncho ndinkakhala pa tebulo lawo lodyera, magalasi ali pamphuno, n'kumawerenga mbali ya mwamuna ndi ya mkazi yomwe. Za faifi koloko ndinkadutsa mothamanga, za folo koloko chimodzimodzi. Ndikafika pa theka la ola lija, liwu linkakwera lokha, ndinkaima pang'ono, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi, cholembera n'kugogoda tebulo. Mwanayo ankapendeketsa mutu, n'kuchonga. Nkhope yake ikaoneka ya mitambo ndinkabwereza kachiwiri, mwina kachitatu. Ndinkati chimenecho ndi chifundo cha mphunzitsi.

Malikisi anayamba kukwera. Khumi ndi awiri, kenako khumi ndi asanu ndi limodzi, mwezi wachitatu anafika pa naintini. Ndinkachonga ndi cholembera chofiira, zochonga zake zazikulu zoonekera kutali. Amayi ake ankamata mapepalawo pa filiji, ndipo ankandipatsa timitanda tawo ta ufa tokhala ndi nyama m'kati kuti ndikadye kunyumba. Lamulungu ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Ndinauza amayi a ku mabungwe aja kuti Machaina ali ndi makina a chilichonse, koma anachita kudikira mayi wa ku Ntcheu kuti awatsegulire mwana makutu.

Mtsikanayo anali waulemu mopitirira. Ndikalowa ankaimirira, n'kundithirira madzi otentha m'kapu, madzi okhaokha opanda masamba kapena shuga, monga amamwera kwawo. Sankatsutsa chilichonse. Koma kawiri konse anandipempha ndi mawu apansipansi.

"Aphunzitsi, lero tingayeseko ndi kompyuta?"

"Iwe, makina amenewo anaphunzitsapo ndani?" ndinamuyankha. "Chingelezi ndi chimodzi. Ukandimva ine, wawamva iwonso."

Anati chabwino, n'kubwezera kompyuta m'chikwama. Ulendo wachiwiri ndinamuyankha mokalipa, ndipo sanafunsenso. Ngakhale bambo a kunyumba anayesa kuponyapo mawu nditawafotokozera njira yanga monyadira.

"Kodi tsiku la mayeso mudzakhalapo kuti mudzamuwerengere?"

"Inu zanu ndi za malipoti, za m'kalasi musiyire ife," ndinatero. "Galu wamkota sakandira pachabe."

Anangoti ehe, n'kupitiriza kupukuta nsapato zawo.

Mayeso anali Lachinayi m'mawa. Ndinakwera minibasi, imene ku Nairobi amati matatu, molawirira kuopa kuchulukana kwa magalimoto pa msewu wa Outer Ring, ndipo ndinavala chitenje changa chatsopano ngati wopita kukalandira mphoto. Mphunzitsi wa ku sukulu yake ankamuyang'anira kudzera pa kamera ya kompyuta, ndipo lamulo linali lakuti pasakhale munthu pafupi naye. Ine ndi amayi ake tinakhala kukhitchini, chitseko chili chotsegula pang'ono. Pamene ndinakhalapo ndinkaona msana wake ndi dzanja lake logwira pensulo.

Gawo lowerenga analimaliza nthawi isanakwane. Kenako belu lija linalira, ndipo mwamuna wopanda moni uja anayamba.

Kanali koyamba kuti ndimvetsere mawu amenewo ndi makutu a mwanayo. Mkazi wa m'kompyuta anatchula masiku atatu, onse ndi liwu limodzimodzi, osakwera paliponse, osaima paliponse. Ndinaona mutu wa mtsikanayo ukupendekeka, pensulo ili m'malere, akudikira kuti liwu likwere. Silinakwere. Belu linalira. Anakhalabe choncho, ndipo ndinadziwa kuti tsopano akudikira kuti abwereze. Anthu ena awiri anayamba kulankhula iye akadali pa funso loyamba. Anathamangira lachiwiri, atamva theka lokha, mutu n'kupendekekanso.

Ndinazindikira kuti chala changa chikugogoda bondo langa nthawi iliyonse yankho likadutsa, ndipo milomo yanga ikuyenda. Miyezi inayi yonse mwanayo sanaphunzire kumva Chingelezi, anaphunzira kumva ine. Ankadziwa pamene liwu langa limakwerera ndi pamene cholembera chimagogodera, ndipo zimenezo anazikhoza naintini pa makumi awiri. Amayi ake anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Yuko sawa? Ali bwino?" Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Zotsatira zinabwera patatha sabata ndi theka. Kuwerenga anakhoza bwino kwambiri, kumvetsera anapeza sikisi, ndipo zitaphatikizidwa sanafike pa mlingo umene sukulu inkafuna. Amayi ake anandiimbira foni kuti ndipite. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinati ndikafika ndikanena mosapita m'mbali kuti cholakwa ndi changa, kuti mwana anandipempha kawiri ine n'kumukaniza. Pa matatu mawuwo ankamveka bwino kwambiri.

Nditafika ndinapeza mapepala onse aja awamatula pa filiji n'kuwayala pa tebulo, zochonga zanga zofiira zili psuu. Mtsikanayo anaimirira nditalowa, maso ali otupa, n'kundithirira madzi. Amayi ake anayamba kumukalipira m'chinenero chawo. Sindidziwa ngakhale liwu limodzi la Chitchaina, koma mayi aliyense akanamva zimene zinkanenedwa pamenepo. Ankaloza mapepala, n'kuloza mwana, n'kuloza pansi kusitolo kumene amaima tsiku lonse. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwalimu, akakhala ndi inu apeza naintini. Akakhala ndi sukulu apeza sikisi. Ndi ulesi? Ndi mafoni? Niambie ukweli, ndiuzeni zoona."

Mwanayo anandiyang'ana. Sanali wokwiya, ndipo mkwiyo ukanandipepukira. Ankadziwa zimene ine ndinkadziwa. Akanatha kunena chiganizo chimodzi chokha m'chinenero chawo, chakuti miyezi inayi kompyuta inali m'chikwama, ine osamva n'komwe kuti wandiulula. Sananene. Kwawo mwana saneneza mphunzitsi kwa makolo, ndipo ine ndinali nditaona kale kuti sanganene.

Ndinaganiza za nkhani imeneyi ikufika kutchalitchi, ikuyenda kuchoka pa kapu ya tiyi kupita pa inzake. Mawu onse amene ndinakonza pa matatu anabwerera kukhosi.

"Ndi mantha, mayi," ndinatero. "Ana ena amatero. Kunyumba amakhoza, koma akaona mayeso mutu umaima."

Amayiwo anapumira m'mwamba n'kugwedeza mutu, ngati ndawauza chinthu chimene ankachikayikira kale. Anati inu mwalimu ntchito yanu munagwira, umboni ndi uwu uli pa tebulowu. Anandithokoza, ndipo ine ndinalandira kuthokozako. Ndaseka anthu ambiri m'nkhani ino, a ku mabungwe, a m'kompyuta, olemba za njuchi padenga, koma palibe mmodzi wa iwo anachitapo chinthu chonyansa ngati chimene ndinachita ine masana amenewo, nditavala magalasi a uphunzitsi.

Amayi ake anamuuza kuti andiperekeze pa siteji. Tinatsika masitepe, tinadutsa pakati pa mapaipi ndi matailosi, tinayenda m'mbali mwa msewu. Ndinkafuna kuti anditukwane, kapena angondisiya panjira n'kubwerera. Titafika pamene pamaima matatu anaima mowongoka, manja ali m'mbali, n'kuweramitsa mutu pang'ono.

"Aphunzitsi, pepani," anatero m'Chingelezi chomveka bwino. "Ndakuchititsani manyazi."

Matatu inali itafika kale, kondakitala akumenya chitseko n'kumaitanira a ku Donholm. Ndinakwera, n'kumusiya ali chiimire pomwepo. Mwezi wotsatira anabwerera ku China kukakhala m'kalasi ya ana aang'ono kwa iye, ndipo mpaka lero amayi ake amadziwa kuti anabereka mwana wamantha.