Kakhola Kamene Magalasi Anasiya M'thumba

Mumsewu wa mashopu, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wosoka makatani, pali bambo amene aliyense amangomutchula kuti Magalasi. Dzinalo linabwera ndi ntchito. Amadula magalasi a mawindo, a pamatebulo ndi a kalilole, ndipo zala zake zadzaza timizere toyera ta mabala akale, moti akakupatsa moni umakhala ngati wagwira sandipepala. Si munthu wodandaula pa zambiri. Koma aliyense ali ndi pomuyabwa pake, ndipo Magalasi pamamuyabwa pa nsomba.

Matendawa anawatenga kalekale, tsiku lina ataitanidwa kukamata thanki yothontha kunyumba ya bwana wina. Mmenemo munali nsomba yotchedwa sitingireyi, yophwatalala ngati mbale, ya mawangamawanga, ya mchira wokhala ndi mbola. Inali itadzikwirira mumchenga, maso okha ali pamtunda. Kenako inadzuka, nikwera m'mbali mwa galasi, nimuonetsa mimba yake yoyera ndi kakamwa kooneka ngati kakumwetulira. Magalasi anabwerera kushopu mtima atausiya komweko.

Kuyambira pamenepo anayamba kutolera zipangizo pang'onopang'ono, n'kumaziika m'katoni pansi pa bedi. Anapeza mchenga wosalala n'kuusefa yekha, poti nsombayi imagonera pamimba ndipo timiyala timaikala. Anagula fyuluta yaikulu chifukwa sitingireyi ndi yadyera ndipo imadetsa madzi msanga. Munalinso pampu ya mpweya, choyezera kutentha kwa madzi, magolovesi ofika m'chigongono oopera mbola ija, ndi hita yotenthetsera madzi pamodzi ndi kakhola kake ka pulasitiki. Chimene chinkasowa ndi thanki yokha. Inde, wodula magalasi kusowa thanki! Galasi anali nalo lambirimbiri, koma malo ndiwo analibe. Sitingireyi sisamala za kuya kwa madzi, imafuna pansi potambalala ngati bedi la anthu awiri, pomwe Magalasi ankakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa shopu.

Ankati akatulutsa tepi kuti ayezenso pabalaza, mkazi wake ankangoseka.

"Bambo, khomali silinasunthe chiyezereni chaka chatha. Mukaika chimenecho, ife tizigona padenga?"

Magalasi anali ndi mng'ono wake, amene anamulera yekha makolo atamwalira. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye anamuphunzitsa sukulu ndi zala zodulidwa zomwezo, mpaka mnyamatayo anakhala wogulitsa mankhwala mufamase. Zinamuyendera. Anamanga nyumba ya matailosi, yokhala ndi chipinda china chimene munalibe kanthu koma mphepo. Magalasi ankamunyadira pagulu, koma akalowa m'chipinda chopanda kanthucho maso ake ankayeza okha, ndipo mtima unkamuwawa.

Tsiku lina masana mng'onoyo anatulukira kushopu, makiyi agalimoto akulira m'manja.

"Achimwene, ndikufuna mundipangire thanki. Ya nsomba ija mumainena, yaphwatalala ija."

"Iwe? Nsomba?" anatero Magalasi. "Iwe amene sungasiyanitse nsomba ndi chule?"

"Ndiye mudzandiphunzitsa. Ndipo zija zili pansi pa bedi mubweretse, zikungodya fumbi."

Mawu akuti fumbiwo anamulasa. Zaka zonse zija akusefa mchenga, mwana wa dzulodzuloyu n'kungobwera kudzatola maloto ake ngati akugula sopo! Nsanje inamugwira, nsanje yeniyeni yosafuna kuitchula dzina lina. Komabe anavomera, poti ukanakana ukanati chiyani?

Thankiyo anaipanga bwino, chifukwa manja ake sadziwa kunama ngakhale mwini wake atakwiya. Galasi lochindikala, m'makona momata mosalala, chivundikiro cholemera kuti nsomba isadumphe. Anaiika m'chipinda chopanda kanthu chija, nayala mchenga wake uja, nalumikiza fyuluta ndi pampu. Atafika pa hita, anapisa dzanja m'thumba la ovolosi, nakhudza kakhola kaja. Ankadziwa bwino ntchito yake. Sitingireyi imagona paliponse pamene yapeza, ndipo ikatsamira hita yosatchinga imapsa isanazindikire. Anayang'ana matailosi onyezimira, makatani atsopano, mlamu wake, mkazi wa mng'ono wakeyo, akubwera ndi madzi ozizira pathireyi. M'nyumba muno chilichonse chinkayenda bwino. Iye anangofuna kuti kanthu kamodzi kokha kalakwike. Dzanja linatuluka m'thumba lopanda kanthu.

"Zatheka," anatero. "Madziwa muwasiye ayende masabata angapo, akhwime, musanaikemo nsomba."

Masabata amenewo anali okwanira kuti munthu abwerere n'kukakonza. Magalasi sanapite. Kakholako anakaika pashelefu, kuseri kwa chitini cha pate womatira magalasi, n'kumadziuza kuti anangoiwala. Koma munthu woiwala sayang'ana pashelefu nthawi iliyonse akamadutsa. Nsomba itafika, mng'ono wake anaimba foni mokondwa, iye n'kuyankha kuti ntchito yamuchuluka. Anaimbanso kachiwiri. Magalasi anati msana ukumuvuta. Mumtima ankati, akondwere yekha, si ndiye mwini zonse?

Kenako m'mawa wina amene anaimba anali mlamu wake.

"Alamu, bwerani msanga. Nsomba ija yasiya kudya, ndipo ili ndi chilonda choyera m'mbali. Ang'ono anu apita kuntchito ali ndi nkhawa, akuti mwina alakwitsa penapake."

Apa nsanje yonse inathawa, n'kumusiya yekha ndi manyazi. Anatenga kakhola kaja, natseka shopu kasitomala ali pakhomo, nathamangira basi ngati mnyamata.

Anaipeza ili pakona, itadzikwirira theka. Inali yaing'ono kuposa ya bwana uja, ya mawanga agolide, yokongola moti anafuna kulira. M'mphepete mwa thupi lake munali mzere woyera, wautali ndiponso wowongoka ngati hita yomweyo. Anazimitsa magetsi, navala magolovesi, navundikira hitayo ndi kakhola kake. Ntchito yake sinatenge nthawi n'komwe. Kenako anachotsako madzi ena n'kuthiramo abwino.

"Ichira?" anafunsa mlamu.

"Madzi akakhala oyera, ichira. Koma chipsera sichidzatha."

Mlamuyo anapumira m'mwamba, nalowa kukhitchini, nabwerako ndi kiyi womangidwa pa kachingwe.

"Uyu ndi wa chitseko chakumbalichi. Amafuna akupatseni okha masiku aja nsomba itangofika, koma inu munali ndi msana." Anaseka pang'ono. "Alamu, inu mukuganiza kuti mng'ono wanuyu amakonda nsomba? Akaiona ikusuntha amabwerera m'mbuyo! Chipindachi anachimangira inu kuyambira pa pulani. Anati akakuuzani poyera mukana, poti inu simulandira kanthu kwa mwana. Ndiye anati, tiwanamize kuti nsomba ndi yathu, akabwera kudzationetsa kasamalidwe, azolowera. Nsombayi ndi yanu."

Magalasi anakhala pansi pa matailosi pomwepo, magolovesi akudontha madzi. Maso ake anapita pa mzere woyera uja. Mlamu anaganiza kuti ndi chimwemwe, nakamutengera madzi akumwa.

Nsomba ija inachiradi. Masiku ano shopu imatsekedwa dzuwa likadali pamwamba, ndipo wowotcherera zitsulo amamukuwira kuti, "Mwapita kwa mkazi wachiwiri, a Magalasi?" Iye amangokweza dzanja. Amalowa ndi kiyi wake, amayeza kutentha kwa madzi, amatsuka fyuluta, amasalaza mchenga. Mng'ono wake akaweruka amaima patali, manja m'thumba, ndipo mpaka lero amapepesabe.

"Achimwene, ndinaipweteka nsomba yanu. Ndikanakufunsani msanga za hita ija."

"Zinapita zimenezo," amayankha Magalasi, osatembenuka.

Sitingireyi inamuzolowera. Ikamva mapazi ake imafukuka mumchenga, n'kubwera kudzadya nyongolotsi m'dzanja lake. Ndipo nthawi iliyonse ikamatembenuka kuti ibwerere pansi, mzere woyera uja umadutsa pa zala zake.