Nsomba za mu mtondo wa NyaLongwe

NyaLongwe anabadwira m'mphepete mwa nyanja ku Chintheche, koma zaka khumi za utsikana wake anathera kumapiri, ali kapolo wa Angoni. Kumeneko akayankhula Chitonga, mwini nyumba ankamukwapula ndi chikoti. Tsono iye Chitongacho ankachiyankhulira mu mtondo. Posinja mawere, mwana wake Kajiso ali kumsana, munsi ukatsika ankatchula nsomba zakwawo: usipa, utaka, sanjika, mpasa. Angoniwo, anthu onyansidwa ndi nsomba, ankayesa nyimbo wamba.

Atonga atathawa kubwerera kunyanja, iye anathawa nawo. Kajiso anatsala, popeza Angoni anali atamutengera kale kubusa.

Zaka zingapo azungu a mishoni atafika ku Bandawe, pachipata cha linga la Atonga panaima mnyamata woboola makutu mwa Chingoni. Mpalawezi, mlonda wa chipata, anamufunsa dzina m'Chitonga. Mnyamatayo anayankha m'Chingoni, nangobwereza mawu amodzi: "NyaLongwe."

"Kazitape uyu! Bweretsani mikondo!" anafuula Mpalawezi.

NyaLongwe anachokera kudambo kumene ankavuula chinangwa, manja akununkha. Anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali.

"Ada Mpalawezi, uyu ndi wanga."

"Ama, wanu bwanji, pakamwa pake palibe ngakhale moni wathu?"

"Inu moni munauphunzira mukudya nsomba yonona ya batala. Ife tinauphunzira ndi chikoti. Tsitsani mkondowo, mungadzibaye nawo phazi."

Amuna ena anaseka, koma mikondo sinatsike. Mayiyo anakakoka mtondo wake mpaka pachipata, nathiramo makaka a chinangwa, nayamba kusinja.

"Usipa." Munsi unatsika. "Utaka."

Apo anaima, munsi uli m'mwamba. Sanautsitse.

"Sanjika," anatero mnyamatayo ndi lilime lolemera. Munsi unagwa. "Mpasa," anamaliza yekha mnyamatayo.

"Mwamva?" anatero NyaLongwe. "Ndi Mngoni uti angaike nsomba pakamwa pake? Akapanda kulowa, ine ndituluka ndi mtondo wanga, mukauze mizimu ya makolo anga a Longwe kuti munapha mdzukulu wawo pachipata."

Mpalawezi anapatuka.

Kajiso anakalamba ali msodzi, ndipo Chitonga chake chinali chopotoka mpaka imfa. Mayi wake ali moyo, panalibe wolimba mtima kuchiseka.