Chinangwa cha Azakhali M'mapiritsi

Nditatsika sitima ku Chipyela, pachilumba chathu cha Likoma, chaka chimenecho ndinali ndi zikwama ziwiri. China chinali cha zovala, chinacho munali sikelo yaing'ono, masefa atatu, matumba apulasitiki ndi mapepala ofotokoza ntchito imene ndinadzera. Azakhali anga, mlongo wa malemu bambo, amene anandilera kuyambira ndili wamng'ono, anabwera kudzandichingamira. Anasenza chikwama cholemeracho, ndipo tili m'njira ya kwathu ku Mbungo anandifunsa ngati munali mankhwala a miyendo yawo. Nditayankha kuti munalibe mankhwala a mtundu uliwonse, anangokhazika bwino chikwamacho pamutu n'kupitiriza ulendo.

Nthawi imeneyo ndinali m'chaka chachiwiri cha digiri yachiwiri ya zamankhwala, pa yunivesite ina kunja kwa dziko lino. Kwathu kuno anthu ankangodziwa kuti mtsikana uja akuphunzira mankhwala, basi ndi dokotala. Koma ine sindinkapima odwala. Ntchito yanga inali ya kapangidwe ka mapiritsi. Piritsi limene munthu amameza si mankhwala lonse. Mankhwala enieni nthawi zambiri amakhala pang'ono chabe, kwinako ndi ufa wina umene umaligwira kuti lisanyenyeke m'botolo, komanso umaliphulitsa likafika m'mimba kuti mankhwalawo atuluke. Ufa umenewo kawirikawiri umakhala sitachi ya chimanga, yochokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Funso langa linali lakuti, kodi sitachi ya chinangwa cha kwathu singagwire ntchito yomweyo? Pulofesa amene ankayang'anira kafukufuku wanga, mayi wamfupi amene anali asanaonepo chinangwa chili m'munda, anandipatsa masabata asanu ndi limodzi kuti ndikabwere nayo.

Zonsezi azakhali sindinawafotokozere. Ndinkaganiza kuti n'zakuya, sangazitsate. Ndinangoti ndikufufuza za chinangwa. Iwo anati chinangwa chili kumunda, ndichifufuze mmene ndingathere, bola ndisiyeko chakudya.

Ndinayamba Lolemba. Ndinazula chinangwa chodzaza dengu, n'kutha masiku awiri ndikuchiyeza pasikelo, chilichonse pachokhapachokha, ndi kulemba kutalika kwake m'kope. Tsiku lachitatu ndinachisenda, n'kupeza kuti mkati mwayamba timizere takuda. Ndinachisinja choncho, kuthira madzi, kufinya pansalu, madzi oyerawo n'kuwasiya m'beseni. Mapepala anga ankati zikhale usiku ndi usana wathunthu kuti sitachi ikhazikike pansi. Amene analemba mapepalawo ayenera kuti ankakhala kudziko lozizira. Kuno unali mwezi wa Okutobala, mchenga ukuotcha mapazi. Pofika tsiku lotsatira beseni lija linali likuchita thovu, fungo lake la kondowole weniweni. Zimene zinatsalira pansi zinali zotuwa ngati phulusa.

Ndinabwerezanso kawiri. Ulendo wachiwiri zinasasanso. Wachitatu zinkaoneka ngati zatheka, koma nditayanika pamphasa mphepo inathiramo fumbi, nkhuku n'kumalizitsa. Anthu odutsa ankaima pampanda kundipatsa moni mwaulemu wonse, kenako ndinkawamva akuseka chapansipansi akafika pamtengo wa mlambe. Ndinamva kuti kumsika kunali nkhani yakuti adokotala apita kutali konseko kukaphunzira kuviika chinangwa, ndipo sakukutha. Masabata awiri anatha choncho, m'matumba anga mulibe kanthu.

M'mawa wina ndikukhuthula beseni lachinayi, azakhali anabwera n'kunjuta pambali panga. Anapisa chala pansi pa beseni, n'kufikisa zotsalirazo pakati pa zala, kuzinunkhiza.

"Iwe mwanangu, tandiuza bwinobwino. Chimene ukufuna m'chinangwamu n'chiyani?"

Ndinawauza kuti ndikufuna ufa woyera umene umakhazikika pansi, wosalala, wosanunkha, umene ukauma umalira ukaufikisa.

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akukoka kanthu kunsi kwa bedi. Anatuluka ndi chitini cha mkaka wa ufa, n'kuchitsegula pamaso panga. Munali modzaza sitachi yoyera mbee, youma bwino, yopanda kachitsotso ngakhale kamodzi.

"Ndiye masabata awiri onsewa ukuvutikira sitachi ya mikanjo ya ansembe?"

Azakhali anali mmodzi wa amayi amene ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa ndi mikanjo ya ansembe ya kutchalitchi chachikulu cha ku Chipyela. Anagwira ntchitoyi zaka zoposa makumi awiri. Ine ndinakula ndikuona nsalu zimenezo zitapindidwa mudengu, zolimba ngati pepala, koma ndinkayesa kuti sitachiyo amagula kusitolo. Ankaipanga mamawa ine ndili kusukulu. Anaseka mpaka anakhala pansi, nanenso ndinaseka, ngakhale kuti manyazi anali atandigwira mpaka m'makutu. Ananena kuti sukulu ndi yabwino, koma imaiwalitsa munthu kufunsa.

Kuyambira tsiku lotsatira ine ndinasanduka wophunzira wawo. Ankazula chinangwa kusanatenthe, kuchisenda ndi kuchisinja nthawi yomweyo, chisanaone dzuwa lachiwiri. Ankafinyira pansalu yakale ya paguwa imene inatha ntchito. Beseni ankaliika pamthunzi mpaka masana okha, kenako n'kutsanula madzi apamwamba, kuthira ena, kuvundula, kudikiranso, katatu konse. Poyanika ankayala nsalu yoyera palata, pamwamba n'kuphimba ndi chidutswa cha neti yaudzudzu. Ine ndinkayenda pambuyo pawo ndi wotchi ndi kope. Ndikafunsa kuti madzi akhale ochuluka bwanji, ankati okwanira. Ndikafunsa kuti tidikire nthawi yaitali bwanji, ankati mpaka madzi ayere. Ndiye ndinkayeza ndowa mwakabisira iwo akatembenuka, chifukwa pulofesa wanga sakanalandira mawu akuti okwanira.

Vuto linatsala limodzi. Kafukufukuyo ankafuna chinangwa cha mitundu iwiri, ndipo azakhali ankalima mtundu umodzi wokha, chokoma chija cha khungu lofiirira. Nditatchula zimenezi anati mtundu umodziwo ndi wokwana. Nditalimbikira, anavomera monyinyirika kuti ku Khuyu kuli mnzawo amene amalima chowawa, chimene mbewu yake anaitenga kutsidya, ku Mozambiki.

Mnzawoyo ndinkamudziwa. Anali mayi wamtali, wa mawu aakulu, amene ankasinthana ndi azakhali ntchito yochapa ija, wina mwezi uno, wina mwezi wamawa. Anakulira limodzi, anakwatiwa chaka chimodzi, ndipo maliro a amuna awo analirana. Koma pa nkhani ya sitachi panalibe chibale. Lamulungu lililonse aliyense ankayang'anitsitsa kolala ya wansembe, ndipo potuluka m'tchalitchi ankapeza mawu oti anene, ngati mwezi umenewo unali wa mnzake.

Uthenga utawafika, amayi a ku Khuyu sanadikire kuti ndipite. Anafika okha m'mawa, dengu la chinangwa pamutu, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti amva zoti boma likufuna kudziwa sitachi yabwino pachilumba pano. Ndinayesa kufotokoza kuti si boma ndipo si mpikisano, koma palibe anandimva. Kwa masabata atatu bwalo lathu linali ndi mabeseni mbali ziwiri. Wina akapita kukatunga madzi, mnzake ankasuzumira m'beseni lake n'kupukusa mutu. Azakhali ankati chinangwa chowawa chikapha odwala. Amayi a ku Khuyu ankayankha kuti kuwawako kumapita ndi madzi, ndipo pamenepo ankanena zoona, ngakhale kuti ndinakayezabe kulabotale kuti nditsimikize. Koma masana awiriwo ankakhala pamkeka umodzi, kudya usipa wootcha, kukambirana za ana awo a ku Lilongwe amene salemba makalata.

Ndinakwera sitima ndi matumba asanu ndi atatu, anayi a uyu, anayi a uyo. Amayi a ku Khuyu anafuna kuti awo ndiwaike pamwamba kuti asapsinjike.

Miyezi yotsatira ndinaithera m'labotale. Ndinkasakaniza sitachi ija ndi mankhwala wamba a mutu, n'kudinda mapiritsi pamakina a chitsulo amene ankagunda ngati mtondo. Oyamba ankanyenyeka ndikangowagwira. Ena analimba ngati miyala, moti pulofesa anati amenewo munthu akhoza kuwameza n'kuwatulutsa ali momwemo. Pang'onopang'ono ndinapeza muyezo wake. Makalata a azakhali, amene ankawalembera mphunzitsi wina wopuma wa mumpingo, ankayamba ndi moni ndi za mvula, kenako n'kufunsa kuti nanga zija zili pati.

Ndinabwerera kwathu m'nyengo ya mwera ndi timabotolo titatu. Ndinkaganiza kuti ndingowaonetsa awiriwo pakhonde, koma azakhali anali atalengeza kale. Tsiku la msonkhano wa amayi a mpingo, atangoweruka, gulu lonse linatsika ku Mbungo, ena atavala yunifolomu. Ndinaika matambula atatu patebulo, n'kuthiramo madzi ofunda ngati thupi la munthu. Ndinafotokoza, ulendo uno m'Chinyanja chomveka, kuti tambula lililonse likhale ngati mimba, ndipo piritsi labwino liyenera kusweka msanga. Loyamba linali la sitachi ya azakhali, lachiwiri la ku Khuyu, lachitatu la sitachi ya chimanga yochokera kunja. Mphunzitsi wopuma uja ndiye anagwira wotchi. Zotsatira ndinkazidziwa kale, ndipo zinkandidetsa nkhawa chifukwa ndinkagona m'nyumba ya azakhali.

Ndinaponya onse atatu nthawi imodzi. Piritsi la ku Khuyu linayamba kutupa, n'kung'aluka pakati, kenako linamwazika lonse pansi pa tambula. La kunja linatsatira. La azakhali linakhala kaye phee ngati silikumva, ndipo linasweka ena aja atatha kale. Amayi a ku Khuyu anaimirira, kumanga chitenje bwino, n'kuvina kuzungulira tebulo, anzawo akuwomba m'manja ndi kululuta.

Azakhali anaviika chala m'tambula lawo n'kunena kuti madzi ake anali ozizira. Tinasintha madzi, kusinthanitsa matambula, n'kubwereza. Zinachitika chimodzimodzi. Azakhali anayang'ana botolo la mapiritsi awo. Kenako analitola, kuligwedeza mwamphamvu pafupi ndi khutu, n'kutola la mnzawo kuligwedezanso. Pansi pa botolo la ku Khuyu panaoneka kaufa, pa lawo panalibe.

"Taonani, anzanga. Anuwa ayamba kale kusweka asanamezedwe. Piritsi lotere lingafike ku Likoma pasitima, nyanja itakwiya?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinavomera kuti azakhali aona zoona. Kulabotale tinali ndi makina ogubuduza mapiritsi, ndipo mapiritsi a azakhali ndi amene ankatuluka osakumbika m'mphepete. Ndinawonjeza kuti mitundu yonse iwiri inasweka nthawi yololedwa isanakwane, choncho yonse inakhoza. Mawu omalizawa sanasangalatse aliyense. Amayi anagawikana pawiri, ena akuti chofunika n'kuchira msanga, ena akuti chofunika n'kufika. Mkanganowo unapitirira mpaka tiyi atatha, ndipo ndinamva kuti unakafika mpaka kwa wansembe, amene anakana kuweruza poopa makolala ake.

Digiri ija ndinalandira. Buku la kafukufuku wanga lili pashelefu m'laibulale ya yunivesite, ndipo sindinamvepo kuti pali fakitale imene inayamba kupanga mapiritsi ndi chinangwa cha ku Likoma. Sindidandaula nazo kwenikweni. Ophunzira awiri amene anabwera pambuyo panga anatsatira njira imene ndinalembamo, ya kuzula mamawa ndi kutsuka katatu, ndipo sitachi yawo sinasase.

Patapita zaka ziwiri ndinapitanso kwathu pa Khirisimasi. Tsiku lina azakhali anandituma kumunda kukathyola chigwada. Kumapeto kwa munda, kuseri kwa mwala waukulu kumene munthu wodutsa m'njira sangaone, ndinapeza mizere itatu ya chinangwa cha mitengo yotuwa ndi masamba opyapyala. Ndinachizindikira nthawi yomweyo: chinali chowawa chija cha amayi a ku Khuyu. Pobwerera ndinatenga tsamba limodzi n'kuliika pamkeka pamene anakhala akusankha mpunga. Analiyang'ana, n'kupitiriza kusankha. Anati mwina mbuzi ndi zimene zinabweretsa mbewuyo. Nditafunsa ngati mbuzi za masiku ano zimabzala m'mizere, anandiuza kuti ndikatenge mtondo, chigwada sichidzisinja chokha, ndiponso kuti amayi a ku Khuyu akubwera kudzadya nafe, ndisayerekeze kutchula za kuseri kwa mwala.