Ndinalipira Ulendo wa Kumanda, Anandipatsa Mbale ya Mchenga

Sindinauzepo munthu nkhani iyi, ngakhale inu amene timagona chipinda chimodzi ku kampu. Lero ndiinena, chifukwa ofesi ina yogulitsa maulendo ku Oud Metha, kuno ku Dubai, yandichita chipongwe.

Mng'ono wanga Levisoni anafera mumgodi wa golide, m'katauni ka m'mapiri, kutali ndi Joni. Tsikulo woyenera kulowa pansi ndinali ine. Ndinadzuka ndi matsire, iye n'kulowa m'malo mwanga, mwala n'kumugwera. Nditabwerera kumudzi ndinauza amayi kuti watchona ndi mkazi. Amayi anamwalira akumudikira. Mlongo wathu Nabanda akumudikirabe.

Tchuthi changa chitayandikira ndinapita ku ofesi ija. Ndinapeza bambo wa tayi yofiira. Ndinamufotokozera pang'onopang'ono kuti ndikufuna kukafika pamanda a anthu akuda, kuseri kwa phiri, kumene anaikidwa Levisoni, ndikatape dothi, ndikalikwirire kumudzi pambali pa amayi. Dzina la tauniyo ndinamulembera ndekha. Kulemba ndinaphunzira imvi zitamera kale, kusukulu ya kwacha, koma zilembo zanga zimawerengeka. Iye anamwetulira, nati palibe vuto habibi, bwenzi langa, zonse zili pa pulogalamu. Madiramu 900, kupatula ndege.

Nditatera ku Joni, basi ya alendo inanyamuka nafe 6 koloko m'mawa. Tinafika 11:20. Mgodi unatsekedwa kalekale, tauni yonse yasanduka choonetsa alendo. Mayi wotitsogolera anati tili ndi ola limodzi ndi theka. Anatilowetsa m'sitolo yakale kuti tikaone zitini zadzimbiri. Kenaka kumtsinje. Aliyense anapatsidwa mbale yachitsulo kuti azisefa mchenga, akuti tilaweko moyo wa mumgodi. Ine? Munthu amene ndinatsika pansi zaka zisanu ndi chimodzi, chifuwa chikulirabe mpaka lero, mundiphunzitse mgodi ndi mbale?

Ndinafunsa za manda. Anandilozera a azungu, a mpanda ndi maluwa. Ndinati osati awa, enawo. Anayang'ana pepala lake, nati enawo sali pa pulogalamu, msewu wake basi singadutse, komanso kumeneko kulibe choona.

Kulibe choona.

Ndinati ndipita wapansi, njira ndikuidziwa, ndi mphindi makumi anayi. Anati basi inyamuka 12:50, wotsala adziwa yekha, ndipo mapasipoti athu tonse ali m'chikwama chake. Ndinaima ndikuyang'ana phiri lija. Kenaka ndinakwera basi. Ndinamusiya Levisoni kachiwiri, kabotolo kanga kotapira dothi kali kopanda kanthu m'thumba. Kumudzi sindinapitenso. Ndikanapita ndi chiyani?

Lachiwiri lapitali, nditaweruka, ndinabwerera kwa wa tayi uja. Anandiimika theka la ola akuseka pa foni. Atamaliza anafunsa ngati basi inali ndi eyakoni yoziziritsa. Inali nayo. Ngati nkhomaliro tinadya. Tinadya. Ndiye vuto n'chiyani, baba? Ndinamukumbutsa za dothi. Anatambasula manja, nati mchenga wadzaza Dubai yense, ndingotapa pakhomo pomwepo, amene ali kumudziwo adziwa bwanji? Khalas, nkhani yatha. Anandiponyera kapepala kotsitsa mtengo wa ulendo wokakwera ngamila.

Munthu wovala tayi, wokhala pa kompyuta tsiku lonse, sadziwa kusiyana kwa manda ndi chipululu? Ngati sankatha, chinamuvuta n'chiyani kunena kuti sangathe? Ndikanakwera minibasi ngati kale, ndikanafika.

Anzanga, a Malawi ndi a Zambia nonse, mukakhala ndi ulendo wa pamtima musaupereke kwa anthu a pulogalamu. Amavomera musanamalize kulankhula.

Koma mawu ake aja anandikhala pakhosi. Adziwa bwanji? Ndi mawu omwe ine ndinadziuza pobwerera kumudzi zaka zonse zija.

M'mawa mwake ndinang'amba kapepala ka ngamila, ndinathothola tsamba m'kope langa, n'kulemba ndi dzanja langa: "Mlongo wanga Nabanda, Levisoni sanatchone." Ndinalemba zonse, ndi za matsire zomwe. Kalatayo ndinaiponya ku positi ndisanalowe ntchito.