Timadontho tofiira pa kabokosi kanu

Abambo a Tiyanjane, lero kutchalitchi mnyamata woimba gitala ya besi amapotokola timabatani ta kabokosi kake kokonzera mawu, sipika n'kumangolira ngati njuchi. Ndatuluka mapemphero asanathe. Ndakumbuka masana aja ku Ligowe, mutakhala pakhonde ndi kabokosi kanu kamene munabwera nako kuchokera ku Joni, mawaya mutalumikiza ku batire ya galimoto. Munkapotokola pang'ono, kuliza nsambo imodzi, kumvetsera, kupotokolanso. Ine ndinali nditakwiya chifukwa denga linkadontha inu muli pa gitala. Munati, "Taimani apo, mayi. Mukaimva pachifuwa, osati m'khutu, mundiuze." Nditavomera, munatenga kyutekisi wanga wofiira wopaka m'zikhadabo n'kudontheza pa batani lililonse kuti wina asadzasokoneze.

Tsiku la msonkhano wa chipani, inu mukuimba kumeneko, mkulu wina anati besi ikuphimba mawu a amayi oimba nyimbo zotamanda, muichepetse. Inu munaloza timadonthoto n'kunena kuti pamenepo ndiye pake. Basi, mawu okhawo. M'mawa mwake galimoto inaima pamsewu, anakukwezani opanda nsapato. Mtembo sanatipatse, manda sanatiuze, ndipo anzathu ankapatuka njira akandiona. Mpaka lero ndimakukwiyirani, bambo. Kabatani kamodzi kokha, mukanangopotokola! Tiyanjane ali ndi imvi tsopano, nkhope yanu amaidziwira pa chithunzi. Kabokosi kaja kali m'sutikesi, kanachita dzimbiri. Ndimakunenani kuti munali ndi makani, koma inenso sindinalolepo munthu kusuntha ngakhale batani limodzi.