Mwendo wa a Muhiwa

Zikwangwani za "Sitopu" zimene zili mbali zonse zinayi za mphambano yathu ku Chitakale ndinazipempha ndine, ndipo ndinazipeza ndi bodza. Njinga yamoto yothamanga inali itagunda bakha wanga, koma ndani angazike chikwangwani chifukwa cha bakha? Akukhonsolo atabwera kudzaona malowo, ndinakoka a Muhiwa, mkulu woyandikana nane amene amatsimphina chibadwire.

"Awa anagundidwa pomwe pano," ndinatero. "Bambo, tayendani akuoneni."

Anayenda, chipewa chili m'manja. Bwana wakukhonsolo anali pafoni, choncho ndinauza a Muhiwa kuti abwereze. Anabwerezadi, akukoka mwendowo m'fumbi, akabaza akuseka.

Zikwangwani zinabwera. Tsopano ana akaona a Muhiwa amakweza dzanja n'kukuwa kuti, "Sitopu!" Tsiku loyamba nanenso ndinaseka mpaka kutsokomola.

Mkuluyo sadutsanso pamphambanopo, amalambalala m'munda wa tiyi. Nditakumana nawo kumeneko anandipatsa moni bwinobwino, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga bakha uja, achimwene, anali wonona?"

Ndinangoti eya. Analidi wonona.