Abale a Nyengo ya Msonkho

Ku komboni ya George, mukapitirira msika n'kukhotera pa ngalande ija imene imasefukira mvula iliyonse, pali yadi ya zipinda zondandana, zitseko zake zabuluu. Funsani aliyense za ba Mainess Sakala, akulozerani. Koma mukafika musayambe ndi mawu achisoni, chonde. Mayi ameneyu chifundo cha pakamwa amadana nacho kuposa udzudzu.

Anabwera kuchokera ku Katete ali mtsikana, atakwatiwa ndi Silas, amene ankagwira ntchito ya ulonda kumafakitale. Malipiro a mlonda mukuwadziwa, amatha asanafike pakhomo. Ndiye Mainess anayamba kuphwanya miyala m'mbali mwa msewu, dzuwa likumuwamba, mpaka zikhatho zinauma gwa. Atachoka pamiyala anakazinga vitumbuwa, kenako anagulitsa salaula, zovala zija za kaunjika. Kaphindu kalikonse ankagulira buloko. Anzake akugula zitenje za mpingo ndi mawigi, iye buloko basi. Chipinda chikatha ankaikamo munthu wa lendi, lendiyo n'kumangira chinzake. Analakwitsa pamodzi pokha: pepala la puloti analembetsa dzina la mwamuna wake, poti ndi mmene ankachitira akazi olemekeza banja.

Silas atamwalira, abale anasankha mkulu wake, ba Josiah a ku Lilanda, kuti ayang'anire za malemu. Ba Josiah si anthu olanda mabedi ndi mapoto pamaliro, ayi. Ndi mkulu wa mpingo, wa jekete ndi Baibulo, wolankhula motsitsa ngati akupempherera wodwala. Iwo ankangoponya kamawu kamodzi nthawi zonse akabwera: "yadi yathu ino ya banja." Mainess ankamva, mtima n'kuwawa, koma ankameza. Amayi a komiti ya m'dera anamulembanso pa thandizo la boma la amayi amasiye, kandalama kobwera pafoni. Sikanali kambiri, koma mankhwala ake a kuthamanga kwa magazi ankachokera pomwepo.

Chaka chino mphekesera zinafika ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba, a msonkho adzamanga tenti pamsika kulemba eni nyumba za lendi. Yachiwiri, a thandizo akupetanso mayina, ndipo aliyense wopezeka ndi kopezera ndalama achotsedwa. Komboni yonse inatekeseka. Tsono ku George mankhwala a matenda amenewa alipo kale, ndipo aliyense amawadziwa: nyengo ya msonkho kulibe tenanti. Onse amasanduka abale. Mlozi amakhala mphwako, Mbemba amakhala mwana wa mlongo wako, ngakhale amene munatukwanana naye dzulo chifukwa cha madzi amasanduka msuweni.

Ba Josiah sanachedwe. Anakhala pampando wa pakhonde, chipewa pabondo.

"Mulamu, musavutike," anatero. "Bakabwela, mukambe kuti muno mulibe lendi. Aba bonse ni babululu ba malemu Silas, tinabaika ise ba banja. Msonkho kulibe, na thandizo yanu ipitiliza. Chibale ni fupa, sichiola."

Kunena zoona, Mainess anavomera. Ndani amakonda msonkho? Anasonkhanitsa anthu ake pampopi n'kuyamba kuwaphunzitsa chibale. Namukolo, woluka tsitsi wa ku Mongu, anakhala mwana wa mchemwali wa Silas. Kunda, kondakitala wa minibasi, Mbemba weniweni, anapatsidwa mudzi wa ku Katete umene lilime lake linkaukana. Akautchula, yadi yonse inkagwa ndi phwete. Mainess nayenso anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Kuseka kunatha mwezi utatha. Mainess anagogoda kwa Kunda monga mwa nthawi zonse, ndipo Kunda anatuluka akukanda m'mutu, maso pansi.

"Bamayo, ine nasokonezeka manje. Ba Josiah banabwela pa siteshoni. Bakuti popeza ndise babululu, lendi yasila, tizingopeleka kangachepe kuli beve ka kusamalila yadi ya banja. Bakuti na imwe mwavomela, muzakamba na pakamwa panu kuli boma."

Mainess anayang'ana khoma la chipinda cha Kunda, pamene panali kachala kake iye mwini kamene kanadinda simenti isanaume, tsiku lija ankathandiza womanga chifukwa ndalama ya wothandizira panalibe. Apa ndi pamene anaona msampha wonse. Akanena yekha pamaso pa boma kuti muno mulibe bizinesi yake, muli abale a Silas okhaokha, mawa akakatsutse ndi pakamwa pati? Ba Josiah sakanafunikanso kulanda kanthu. Akanangotola mawu ake omwe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mkwiyo unamugwira, koma mantha nawo analipo, tisaname. Kunena zoona kunali kutaya thandizo, kusenza msonkho, ndiponso kudana ndi malandilodi anzake amene ankaopa kuti maso a boma alowa mumsewu mwawo. Mmodzi wa iwo, atamva kuti Mainess watsimikiza zokanena zoona, anamutsekera njira pampopi n'kumufunsa ngati wapenga.

"Napenga kudala, pamene nenze kuphwanya miyala imwe muli mu mthunzi," anayankha Mainess, n'kusenza ndowa yake.

Tsiku la tenti anavala diresi la pa Sabata ndi duku yoyera. Anauza Namukolo ndi Kunda kuti amutsate, ndipo anatumiza uthenga ku Lilanda kuti mlamu abwere adzachitire umboni. Ba Josiah anafika akumwetulira, poganiza kuti nyama yalowa yokha mu ukonde. Pamzere panali anthu ochepa, koma oonerera ndiye anadzaza, ena atabisala kuseri kwa matebulo a tomato kuti aone amene adzipereke.

Pa tebulo panali mtsikana wa msonkho, dzina lake Lushomo litalembedwa pachifuwa. Anafunsa mwaulemu ngati amayiwo ali ndi nyumba za lendi.

"Nili nazo," anatero Mainess mokweza, kuti a tomato amve. "Uyu ni Namukolo, Mulozi, sitinabadwe pamodzi. Uyu ni Kunda, ku Katete sanapondeko na mwendo umodzi. Si babululu banga aba, ni matenanti. Bamanilipila ine, chifukwa vipinda ninamanga ine. Lembani Mainess."

"Mulamu!" ba Josiah anadumpha, mawu a pemphero aja atathawa. "Mwaiwala vimene tinakambilana? Yadi ija ni ya banja!"

Lushomo anaimitsa cholembera. Anafotokoza mosakondera kuti pepala la msonkho silipatsa munthu puloti, nkhani ya umwini ili ndi kwake. Iye ankangofuna dzina la amene amalandira lendi, amene azibwera kudzapereka msonkho nthawi yake ikakwana, ndiponso amene adzafunsidwe akachedwa.

"Mwamvela, mulamu?" Mainess anatembenuka, n'kukankhira mpando kwa ba Josiah. "Ngati ni ya banja, nkhalani apa. Pelekani dzina yanu na nambala ya foni. Muzilipila ndimwe, bakazafuna munthu bazabwela ku Lilanda. Nkhalani, mpando uyu."

Mpando unakhala wopanda munthu. Ba Josiah anayang'ana tebulo, anayang'ana anthu, kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti kumpingo kuli msonkhano wa akulu. Mayi wina wa tomato analephera kudzigwira, anaimba nthungululu. Lushomo analemba dzina la Mainess.

Kuchoka apo sanapite kunyumba. Analunjika kwa ba Philomena, mayi wa komiti ya thandizo, n'kuwauza kuti amuchotse asanachite kumupeta. Ba Philomena anamugwira dzanja, namukumbutsa za mankhwala.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero Mainess. "Pasani wina amene alibe ngakhale chitseko. Ine nili na vitseko."

Ananena molimba, koma pobwerera, atafika pangalande paja, analira pang'ono, yekha. Mwezi wotsatira foni sinalire. Mankhwala anagula ndi ndalama ya lendi, msonkho n'kudyako mbali yake, ndipo ndiwo pakhomopo zinabwerera ku kapenta wa mchere wambiri. Malandilodi ena a mumsewumo mpaka lero amamupatsa moni wa m'mphuno. Nkhani ya puloti nayo sinathe, ikudikira tsiku lake kukhoti, ndipo ba Josiah akuti adzaonana komweko. Mainess akuti akafika ndi malisiti ake ndi zikhatho zake, aone woweruza kuti buloko ankanyamula ndani.

Ndipo matenanti, paja mukawauza kuti si abale amaphunzira msanga! Sabata lomwelo la tenti Kunda anagogoda m'mawa, osakandanso m'mutu, chifuwa patsogolo.

"Ba landilodi, chimbuzi chadzala. Ise tilipila lendi, muchite vinthu."

Kwa zaka zonsezi pa yadipo ankamutcha muka Silas, kutanthauza mkazi wa Silas, kenako amasiye a ba Sakala. Mainess anamuyang'ana Kunda kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wati bwanji iwe?"

"Nati chimbuzi chadzala."

"Iyayi, ija ya poyamba."

"Ba landilodi."

Mainess anamanga chitenje m'chiuno mwamphamvu, natenga foni kuti aitane opopa chimbudzi. Ndalama yake inali yoti agulire nkhuku ya pa Sabata, koma anailipira yekha, osafunsa munthu ku Lilanda.